Nyumba za Housing ndi anthu a kuseri kwake

Mnyamata kapena mtsikana wa ku Mauwa, m'boma la Chiradzulu, akanena kuti akulowera m'tauni, makolo ake sayamba ndi kufunsa za ntchito. Funso loyamba limakhala lakuti, "Nanga ukafikira kwa yani?" Amadziwa kuti ganyu ku Limbe sasowa, ngakhale wosenza matumba pamsika, koma pogona ndiye pali nkhani. Yankho limakhala dzina la wachibale: amalume a ku Bangwe, azakhali a ku Ndirande, alamu a ku Kachere. Simungamve wina akuti akafikira m'nyumba ya boma. Chikhalirecho dziko lino lili ndi bungwe lomwe linakhazikitsidwa kuti lizimangira anthu nyumba, ndipo latha zaka zoposa 60 lili pa ntchito imeneyi.

Nkhaniyi ikukhudza Chiradzulu kuposa maboma ambiri. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 356,875 m'bomali, pa malo osakwana masikweya kilomita 800. Kupatula mizinda ndi chilumba cha Likoma, palibe boma lina lothithikana chonchi. Munda umene agogo ankalima okha wagawidwa kwa ana aakazi, ana aja agawiranso ana awo, mpaka chotsala ndi mizere yowerengeka ya chimanga ndi nandolo. Mwana wamwamuna, amene mwambo umati akapeze malo kuchikamwini, amakapeza kuti kumeneko nakonso malo anatha. Blantyre ili pafupi, minibasi imodzi kapena awiri wafika. Choncho mukamayenda m'makwalala a Bangwe, Nkolokoti kapena Ndirande n'kumafunsa anthu kwawo, Chiradzulu mudzaimva kawirikawiri, pamodzi ndi Thyolo, Mulanje ndi Phalombe.

Mzinda umene akulowawu sunamangidwe poganizira iwo. Amishoni a ku Scotland anakhazikitsa Blantyre mu 1876, ndipo Limbe inakula pambuyo pake chifukwa cha njanji ndi fodya. Matauni awiriwa anaphatikizidwa mu 1956. Pa nthawi yonse ya atsamunda, pakati pa tauni panali pa Azungu ndi Amwenye. Munthu wakuda ankafunika masana, kuti aphike, asese, anyamule ndi kulondera, koma za kumene akagone eni tauni sankazilabadira kwenikweni. Antchito ambiri ankagona m'midzi yozungulira n'kumalawira wapansi, ena ulendo wa maola angapo. Ofufuza a Rhodes-Livingstone Institute, motsogozedwa ndi David Bettison, atafuna kudziwa za moyo wa antchito a Blantyre ndi Limbe chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, anakawapeza m'midzi 17 ya m'mphepete mwa tauni. Ndirande inayamba choncho, ngati midzi ya m'tsinde mwa phiri imene inkalandira aliyense wothawa thangata ndi msonkho wa nyumba kumaesiteti a Magomero ndi kwina. Anthu a ku Chiradzulu amaidziwa bwino mbiri ya malo imeneyi, popeza ndi yomwe inautsa John Chilembwe wa ku Mbombwe mu 1915.

Malawi Housing Corporation inakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo mu 1964, chaka chomwe dziko linalandira ufulu. Anthu amangoti "a Housing". Bungweli linatenga nyumba zina zimene zinamangidwa m'zaka zomaliza za atsamunda ku mbali ya Soche, n'kumanganso zake zambiri. Ku Blantyre kuli nyumba zake ku Chitawira, Nkolokosa, Soche East, Naperi, Kanjedza, Chinyonga, komanso malayini a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa. Likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, madera monga Area 18 anadzaza ndi nyumba za mtundu womwewu, ndipo ku Zomba ndi ku Mzuzu ziliponso.

Amene anakulira m'malayini amaikumbukira bwino nyumba ya Housing. Ndi ya njerwa, yaing'ono, ya zipinda ziwiri kapena zitatu, kakhitchini kopanikiza, nambala pachitseko, mpanda wa maluwa kutsogolo ndi kadimba ka mpiru kuseri. Zambiri ndi zogundana ziwiriziwiri, moti mnzako akatsokomola usiku umamva. Koma zili ndi zinthu zimene munthu wa m'tauni amazilakalaka: mpopi wa m'nyumba, chimbudzi chogejemula, msewu woti galimoto ya odwala kapena ya maliro ifike pakhomo, ngalande, sukulu ya pulayimale yoyenda wapansi, bwalo loti ana amenyepo mpira. Koposa zonse, zili pafupi ndi ntchito. Wa ku Chitawira atha kuyenda wapansi kukafika ku Ginnery Corner kapena ku chipatala cha Queen Elizabeth, wa ku Ndirande n'kutsikira ku mafakitale a ku Makata, wa ku Kanjedza n'kulowa mu Limbe osakwera kanthu. Kwa munthu wa malipiro ochepa, ndalama ya minibasi imene sakuwononga tsiku ndi tsiku ndiyo ndiwo za ana.

Malayiniwa anachitanso ntchito ina imene sitiitchula kawirikawiri. Mphunzitsi wa ku Rumphi, namwino wa ku Nsanje, kalaliki wa ku Mangochi ndi wapolisi wa ku Dedza anapezeka akugawana khoma limodzi. Ana awo anakulira pamodzi, n'kumayankhula Chichewa cha m'tauni chimene lero tikumva pawailesi ndi m'nyimbo. Maliro akagwa, mzere wonse umasonkha ufa, nkhuni ndi ndalama, amayi n'kugona m'nyumba ya siwa, abambo panja pa moto, ngati kumudzi komwe, ngakhale womwalirayo ndi wa mtundu wina ndi mpingo wina. Ndimaona kuti umodzi wa dziko lino unaphikidwa kwambiri m'malo ngati amenewa kuposa m'misonkhano ya ndale.

Koma tiyenera kunena mosabisa kuti nyumbazi sizinali za amphawi. Kuti upeze nyumba ya Housing umafunika malipiro a pamwezi ooneka papepala, ndipo zambiri zinkatengedwa ndi maunduna a boma, makampani ndi mabungwe kuti muzikhala antchito awo. Mlonda, wogulitsa tomato, wopala matabwa, mayi wochapa zovala kumayadi, onsewa analibe polowera. Ngongole zomangira nyumba za New Building Society, imene inasanduka NBS Bank mu 2004, nazonso zinkafuna munthu wa pantchito yodziwika.

Amphawi anawakonzera njira ina, ndipo kwa ine njira imeneyi ndi imene inali ndi nzeru zambiri. Boma linkadula mapoloti, kulambula misewu ya dothi, kuika mipopi ya onse pamtunda woyendeka, kukumba dzenje la chimbudzi, kenako n'kumuuza munthu kuti amange yekha ndi zimene angathe, kaya zidina, kaya njerwa zootcha, n'kumakonza pang'onopang'ono. Malo oterewa ankatchedwa Traditional Housing Areas. Mbali zazikulu za Bangwe, Zingwangwa, Chilomoni, Ndirande ndi South Lunzu zinayamba motero, monganso Kawale, Chilinde ndi Area 25 ku Lilongwe. Banja linkayamba ndi chipinda chimodzi chofolera udzu, pakatha zaka khumi pali nyumba ya malata, pakatha zaka makumi awiri pali magetsi ndi zipinda za lendi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 maderawa anachoka m'manja mwa a Housing n'kupita ku makhonsolo a mizinda, amene analibe ndalama zokwanira zodulira mapoloti atsopano. Anthu sanasiye kubwera. Chimene chinaima ndi kudula malo mwadongosolo.

Apa ndi pamene moyo weniweni wa m'madera amenewa uli lero, kuseri. Lowani pa poloti imodzi ku Ndirande kapena ku Bangwe m'mawa, dzuwa lisanatuluke bwino. Kutsogolo kuli nyumba ya alandilodi. Kumbuyo kuli mdadada wa zitseko zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, chitseko chilichonse banja lake. Bafa ndi imodzi, chimbudzi chimodzi, ndipo pakhomo pa bafa pandandalikidwa ndowa, aliyense akudziwa kuti yake ikutsatira ya yani. Mbaula zayaka pakhonde, utsi wa makala wodzaza bwalo lonse. Mwana wa sukulu akusamba pabeseni panja chifukwa sangadikire mzere. Mita ya magetsi ndi imodzi, ndiye mayunitsi amasonkherana, ndipo mkangano waukulu wa pa poloti umakhala wakuti wina akusita kapena kuphikira pa hotipuleti pamene anzake ali ndi babu limodzi ndi tchaja cha foni. Madzi akasiya kutuluka, amayi amanyamula zigubu kupita ku kiyosiki, kumene ndowa iliyonse ili ndi mtengo wake. Pakhoma pali pepala la masiku okolopa chimbudzi.

M'chipinda chimodzi chotero muli bedi kuseri kwa katani, mphasa yopinda ya ana, thumba la chimanga chochokera kumudzi, ndi katundu wa geni amene mayi atuluke naye m'mawa. Mlendo wa ku Mauwa uja akafika, amagona pamenepo, pafupi ndi chitseko, mpaka atapeza pake. Alandilodi akaona kuti anthu achuluka amayamba kudandaula za madzi ndi kudzaza kwa chimbudzi. Kwa eni kulibe mkuwe: wa lendi saloledwa kubwera mochedwa geti itatsekedwa, nthawi zina saloledwa kuweta nkhuku, ndipo lendi ikhoza kukwera ndi mawu a pakamwa pa mapeto a mwezi. Ambiri salemberana kanthu. Amene walephera kulipira miyezi iwiri amapeza loko wina pachitseko.

Sindikufuna kuwadetsa alandilodi. Ambiri ndi amayi amasiye ndi madala opuma pantchito amene penshoni yawo yeniyeni ndi zipinda zimenezi. Ndipo tikawerenga mwachilungamo, ndi iwowa amene agoneka anthu ochuluka kuposa boma. Ngakhale m'malayini a Housing momwe, kuseri kwa nyumba zambiri kwamera boyizikota, kagolosale, saluni, kapena khola la nkhuku za nyama. Poloti imene inakonzedwera banja limodzi ikusunga mabanja atatu kapena anayi, koma paipi ya zonyansa ndi yomwe ija ya zaka 50 zapitazo. Zotsatira zake zinaoneka ku Area 18 ku Lilongwe mu Julaye 2017, pamene zonyansa za m'paipi yophulika zinalowa m'paipi ya madzi akumwa n'kutuluka m'mipopi ya m'nyumba za anthu. Nkhaniyi inafika kukhoti. Kolera wa mu 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, anavuta kwambiri m'madera othithikana a Blantyre ndi Lilongwe pa zifukwa zomwezi, madzi ndi zimbudzi.

Madzi a Blantyre ndi odula kuchokera kugwero. Ambiri amapopedwa kuchokera mu Shire pa Walker's Ferry, kukwezedwa mtunda wautali ndi magetsi. Ena tsopano amachokera ku Likhubula m'phiri la Mulanje, n'kudzatsukidwa ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu momwemo. Chopweteka n'chakuti mayi wotunga pa kiyosiki kapena wogula kwa woyandikana naye nthawi zambiri amalipira zambiri pa ndowa imodzi kuposa wa mpopi wa m'nyumba.

Tikayang'ana manambala, kusiyana kwake n'kwakukulu. Nyumba zonse za Housing m'dziko muno ndi pafupifupi 6,000, pamene akuluakulu a bungweli akhala akunena kuti ofuna nyumba ndi oposa 100,000. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 800,264 mumzinda wa Blantyre ndi 989,318 mu Lilongwe. Bungwe la UN-Habitat linapeza kuti anthu oposa 65 mwa 100 alionse mu Blantyre amakhala m'madera osadulidwa mwadongosolo, monga Mbayani, Misesa, Manase ndi mbali zina za Ndirande, pa malo osakwana gawo limodzi mwa magawo anayi a mzinda. Amene ali m'nyumba ya Housing satulukamo, chifukwa lendi yake ndi yotsika poyerekeza ndi ya anthu wamba. Ena amasiyira ana, ena amabwereketsa mobisa pa mtengo wokwera. Munthu amene analembetsa ali mnyamata atha kumera imvi asanaitanidwe.

Zifukwa zake zimalumikizana. Bungweli likafuna kukweza lendi, okhalamo amakana, nthawi zina mpaka kukhoti, ndipo ali ndi mfundo, popeza malipiro awo sakwera mofanana. Lendi ikakhala yotsika, ndalama zokonzera madenga ndi mapaipi zimachepa, zomangira zatsopano n'kusoweratu. Maofesi ena a boma amachedwa kulipira nyumba zimene antchito awo akukhalamo. Chiwongoladzanja cha ku banki chakhala pamwamba pa 20 peresenti kwa zaka zambiri, ndipo nyumba yomangidwa ndi ngongole yotero singakhale ya mphawi. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti, malata ndi zitsulo zinakwera nthawi yomweyo, pamene malipiro otsikitsitsa ovomerezeka anangofika K90,000 pamwezi mu Febuluwale 2024. Mu 2016 lamulo linasinthidwa kuti bungweli lizigwira ntchito ngati bizinesi. Zimenezi zingalithandize kupeza ndalama, koma bizinesi imatsata amene angathe kulipira. Pamwamba pa izi, nyuzipepala zalemba kangapo za nyumba ndi mapoloti a bungweli zimene zinagulitsidwa motchipa kwa anthu olumikizana ndi ndale, ndipo nkhani zotero zimapha chikhulupiriro cha amene ali pamzere.

Ena amati njira yabwino ndi kungogulitsa nyumbazi kwa okhalamo. Maiko ena anayesa. Ku Zambia, Frederick Chiluba analamula mu 1996 kuti nyumba za makhonsolo zigulitsidwe kwa amene anali m'katimo, pa mitengo yotsika kwambiri. Mabanja a ku Chilenje, Matero, Libala ndi Kabwata anasangalala, ndipo ambiri anazikonza nyumbazo n'kukhala zokongola. Koma makhonsolo anataya lendi imene inkawathandiza, ndipo wobwera m'mbuyo anapeza palibe nyumba ya khonsolo yoti alembetse. Ku Britain boma la Margaret Thatcher linachita zofanana kuyambira 1980, nyumba zoposa 2 miliyoni zinagulitsidwa, ndipo mpaka lero mizere ya odikira ndi yaitali. Kumene nyumba za boma zinayenda bwino, monga ku Singapore, kumene anthu pafupifupi 80 mwa 100 amakhala m'nyumba zomangidwa ndi bungwe la boma lokhazikitsidwa mu 1960, kapena ku Vienna, kumene khonsolo ili ndi nyumba pafupifupi 220,000, boma linagwira malo ambiri m'manja mwake ndipo silinasiye kumanga ndi kukonza. Ife ndalama zotero tilibe, ndipo n'kudzinamiza kuganiza kuti tingamangire aliyense.

Machona athu anaonanso mbali ina. Ku Harare, Amalawi ambiri anakhala ku Mbare ndi ku Highfield, ena m'mafulati a Matapi amene anamangidwira amuna osakwatira koma lero muli mabanja athunthu m'chipinda chimodzi. Mu 2005 boma la Zimbabwe linagwetsa tinyumba ta kuseri ndi misika pa ntchito ya Murambatsvina, ndipo bungwe la United Nations linawerengera kuti anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera ndalama. Ena a iwo anali ana ndi zidzukulu za Amalawi, amene analibe mudzi woti athawireko. Kugwetsa sikunathetse vuto la nyumba. Phunziro labwino likuchokera ku Lusaka, kumene lamulo la 1974 linavomereza makomboni monga George ndi Chawama, n'kupatsa okhalamo chiphaso chokhalira pa malowo zaka 30, kuti madzi ndi misewu ziwapeze pomwe ali.

Mtengo wa kusadula malo tinaulipira mu Malichi 2023. Namondwe Freddy atagwetsa mvula masiku angapo osaleka, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa ndipo oposa 650,000 anasowa pokhala. Ndinamva anthu ena akufunsa kuti anamangiranji m'phiri. Anamanga m'phiri chifukwa ndi kokhako kumene munthu wa geni akanapeza kachigawo ka malo kwa amfumu kapena kwa madobadoba, pamtunda woti n'kuyenda wapansi kupita ku ntchito. Ndipo kumudzi sikunali kothawira: mudzi wa Ntauchira, kwa Likoswe m'boma la Chiradzulu, unakokoloka m'masiku omwewo.

Maboma osiyanasiyana ayesapo zawo. Joyce Banda anali ndi Mudzi Transformation Trust, Peter Mutharika anabweretsa sabuside ya malata ndi simenti, ndipo Lazarus Chakwera anayambitsa mu 2020 ntchito yomanga nyumba 10,000 za asilikali, apolisi ndi ena achitetezo. Zonsezi zili ndi ubwino wake, koma palibe imene inalunjika kwa wa lendi wa mumdadada. Amene anamufika pafupi ndi amphawi okhaokha. Kuyambira 2003, magulu a amayi osunga ndalama pang'onopang'ono, mogwirizana ndi bungwe la CCODE, anapempha malo ku makhonsolo n'kupatsidwa mapoloti 222 ku Area 49 ku Lilongwe ndi 465 ku Angelo Goveya ku Blantyre. Anaumba okha zidina, kubwereka ku thumba lawo la Mchenga, n'kumanga. Panali zovuta pa kubweza ngongole, ndipo malowo ali patali ndi pakati pa mzinda, komabe anaonetsa kuti mphawi akapatsidwa malo otsimikizika, nyumba amamanga. A Habitat for Humanity, amene ali m'dziko muno kuyambira 1986, aona zomwezo.

Maganizo anga ndi akuti nyumba za Housing zimene zilipo zisagulitsidwe, makamaka zapafupi ndi ntchito. Zikonzedwe, mndandanda wa odikira ukhale poyera, ndipo pamene nyumba yakalamba pamangidwe zosanja kuti malo omwewo asunge mabanja ambiri pa mapaipi atsopano. Koma ndalama yaikulu ipite kumene kuli anthu ambiri: kudula mapoloti ang'onoang'ono pa malo osagumuka, msewu ndi ngalande zisanafike nyumba, kuonjezera mipopi ndi zimbudzi m'madera akale, ndi lamulo losavuta loteteza wa lendi ndi landilodi, loti mgwirizano uzilembedwa ndipo munthu azipatsidwa nthawi asanatulutsidwe.

Ntchito imeneyi sikuthera m'malire a mzinda. Blantyre ikukulira chakum'mawa, ndipo yayamba kale kudya Chiradzulu. Ku Nguludi, kumene Catholic University inatsegulidwa mu 2006, anthu amanga zipinda za lendi za ophunzira m'minda imene kale munali chimanga. Ku Njuli, m'mbali mwa msewu wa ku Zomba, mipanda ya njerwa ikuchuluka chaka ndi chaka. Ogula ndi anthu a m'tauni amene alephera kupeza poloti mumzinda, ndipo ogulitsa ndi mabanja amene akufuna fizi kapena feteleza, nthawi zina mwini mbumba kugulitsa malo alongo ake osadziwa. Lamulo la malo a makolo la 2016, limene linakonzedwanso mu 2022, limapereka mwayi woti mabanja alembetse malo awo kudzera m'makomiti a m'midzi okhala ndi amayi ndi abambo. Khonsolo ya Chiradzulu ikadali ndi mpata wosiya malo a misewu, misika, sukulu ndi manda m'malo amalonda monga Mauwa, nyumba zisanagundane, ndipo mtengo wochitira zimenezi lero ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wodzagwetsa ndi kulipira chipukuta misozi monga ziyenera kuchitikira ku Mbayani kapena ku Ndirande pofuna kungodutsitsa paipi imodzi ya madzi.